Mmene Tinawokerera Mpunga wa a Ngozo

Ana anga, Tiyamike ndi Madalitso, izi muzisunge: m'boma lonse la Ntcheu sanabadwe munthu wondiposa ine pa kunenerera. Kafunseni amayi ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, amene ankati akandiona ndikutsika basi n'kuyamba kuuzana kuti, "Wafika uja, limbani mtima." Kafunseni agogo anu aamuna, amene anandikana m'mawa pakhomo pawo, koma dzuwa lisanapendeke anali akuthamangitsa okha nkhuku yoti mkamwini adye. Boma linandilemba ntchito ya zaumoyo, yoyenda m'midzi ndi katemera, sikelo ndi uphungu, koma ntchito yeniyeni imene ndinagwira mpaka kupuma inali ya pamsika. Wina akuti ayi, ine ndikuti tiyeni tikhale pansi. Munthu ndinkamupeza atatseka chitseko, ndimusiya akundiperekeza mpaka kumsewu.

Champiti, chaka chimene ndinalembedwa ntchito

Ndinafika ku Champiti ndi chikwama chimodzi, mphasa, ndi nsapato zobwereka kwa amalume. Woyang'anira chipatala anali mayi Chisale, namwino wamkulu msinkhu ngati amayi anga, wamfupi, wa mawu omveka kuseri kwa phiri. Tsiku la sikelo ankafika anthu onse asanafike, n'kumangirira sikelo kumtengo, n'kuyambitsa nyimbo okha ngati kuli ukwati. Mwana akalira pobayidwa, iwo ankalira naye monyengezera mpaka mayi wake aseke. Ine ndinkawaona ngati osokonekera pang'ono. Ntchito yake yomweyo, malipiro ake omwewo, nanga kuvinaku n'kwa chiyani?

Tsiku lina anandimva ndikunenerera nthochi kunja kwa mpanda. Anandiitana. "Iwe Lameki, ndakumva. Mayi uja wakupatsa nthochi mpaka wakuthokoza ndi kukuthokoza. Pakamwa pakopo ukuwonongera nthochi? Pita ukagulitse zimbudzi." Ndinaseka, iwo sanaseke. Anandituma kumudzi wina kumene amuna anakana kukumba, ati tchire n'lalikulu ndipo silidzadza. Ndinalankhula m'mawa wonse, iwo akungosenda chimanga chowotcha. Pamapeto pake ndinabwereka khasu kwa bambo wina wamakani kuposa onse, ndinavula malaya, n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba yake. Ndinati, "Ine ndifika m'mawondo, kotsalako n'kwanu. Mukakana, anthu azidzati chimbudzi cha pakhomo pano chinathera m'mawondo." Mkazi wake anayamba kuseka chogwira nthiti. Bamboyo anandilanda khasu lija ndisanafike n'komwe m'akakolo.

Nditabwerako manja atatuluka matuza, mayi Chisale anawayang'ana n'kunena kuti, "Eya. Munthu sungamuyatse ndi mawu. Uyambe wapsa ndiwe." Kuyambira pamenepo njira yanga inali imeneyo. Ndinkayamba ndine ntchitoyo, poyera, anthu akuona, ndipo manyazi ankamaliza zotsala. Ndikuuzeni zoona, ntchito ndinaikonda. Ndinkadzuka ndi chilakolako ngati wamalonda amene wapeza katundu wosowa, ndipo ndinayamba kuimba nawo pa sikelo, ngakhale mawu anga ankaliritsa ana kuposa jakisoni.

Kasinje, zaka zimene nonse awiri munabadwa

Ku Kasinje n'kumene ndinaphunzira kusowa. Mankhwala othira m'madzi ankatha mvula ili pakati. Matayala a njinga ankatha, ife n'kumawasoka ndi luzi. Makadi a ana akatha tinkadula makatoni. Abwana athu kumeneko anali bambo wofatsa, wodziwa ntchito, koma moto unali utawathera kalekale. Ukawauza vuto ankangoti, "Ndamva," n'kuyang'ana kudenga. Poyamba ndinkawanyoza mumtima. Kenako mlonda wachikulire anandiuza kuti bambo omwewo, ali mnyamata, ankabereka odwala kumsana kuwolotsa mtsinje. Ndinachita mantha tsiku limenelo. Ndinazindikira kuti anthu salowa ntchito ali ozizira. Amazizira pang'onopang'ono, pempho lililonse likabwera lopanda yankho.

Ine ndinakana kuzizira. Ndinapangana ndi wokonza njinga wa pamsika kuti azindimatira matayala, ine ndiziyeza ana ake pakhomo pake. Ndinanyengerera aphunzitsi kuti azindibwereka choko. Mayi anu ankati ndikanapatsidwa mpata ndikananenerera ngakhale chakhumi kutchalitchi, ndipo sindinawatsutse chifukwa ndinayesapo.

Bwanje, chaka chimene Tiyamike anapita kusekondale

Atandikweza kukhala woyang'anira anzanga a zaumoyo, ananditumiza kuchigwa cha Bwanje. Kumeneko kumatentha moti ngakhale nkhuku zimayenda zitayasamula. Anthu amene ndinapatsidwa ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala, akusewera bawo, njinga zawo zitagona ngati zafa. Ndinawaitana, ndinavala tayi, ndinalankhula za kukonda ntchito mpaka thukuta kutsika m'khosi. Anandimvetsera mwaulemu. Nditamaliza, mayi wina wamtali, Esinati, amene anabadwira m'chigwa momwemo, anati, "Bwana, moto wanuwo ndi wabwino. Mutibwerekeko tiphikire tiyi." Onse anaseka, ine ndinaseka nawo, koma zinandilowa. Miyezi inapita ndikuyesa uku ndi uku. Iwo ankagwira ntchito yokwanira kuti asachotsedwe, basi.

Dzinja la chaka chimenecho ndinadziwana ndi a Ngozo. Anali bambo wachikulire amene anathera unyamata wake m'migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi jekete yabwino, chipewa, ndi chifuwa. Ana awo aamuna anatsata njira yomweyo ya kum'mwera ndipo anasiya kumveka. Pakhomo panali iwo ndi akazi awo, a Naphiri, amene msana unali utawapinda. Dokotala wa pachipatala chathu anawayeza makhololo n'kupeza kuti si chifuwa chachikulu. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti, "Ili ndi fumbi la mumgodi. Silichoka. Koma akapita kuchipatala cha ku boma akawajambula, akawapatsa mpweya, mwina akawonjezerako miyezi. Pano tilibe chowathandiza nacho. Akukana kupita. Paja inu mumati simulephera munthu." Ndinamuuza kuti andipatse sabata.

Ndinawapeza pakhonde, atatsamira khoma, akupuma ngati munthu amene wangotula mtolo.

"Mwabwera, adokotala a panjinga?"

"Ndabwera, a Ngozo. Chifuwa chikuti bwanji?"

"Chifunseni nokha, si icho chikulankhula."

Ndinayamba malonda anga. Ndinawauza za makina ojambula, za mabedi, za mpweya wa m'botolo. Anandisiya ndimalize, kenako anati, "Mwana wanga, ku Joni ankandijambula chaka ndi chaka. Chithunzi chomaliza anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa bulangete ndi tikiti ya kwathu. Inu mukaonamo chiyani chimene iwo sanachione?" Ndinabweranso mawa lake, ndi mkuja. Ndinalowera kwa a Naphiri, ndinalowera kwa abusa, a Ngozo eni ake ndinayesa kuwaopseza, ndinayesa kuwaseketsa. Iwo ankasangalala nane ngati wailesi. Tsiku lina nditatopa ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Chabwino, bambo. Pamsika munthu sangokana. Nenani mtengo wanu."

Analoza ndi chibwano kumunsi, kumene kuli minda ya mpunga ya musikimu yothirira. Anali ndi puloti kumeneko. Lamulo lake linali lodziwika kwa aliyense, ndipo silinali loipa: puloti ikagona nyengo yonse osalimidwa, imaperekedwa kwa wina, chifukwa ofuna malo ndi ambiri. Mbande zinali zitakula kale mu nazale, anansi anali atawathandiza kugaula, koma nthawi yowokera aliyense amakhala m'matope a kwake. "Ndikagona kuchipatala, pulotiyo igona nane," anatero. "Ikagona, mayi awa adzadya chiyani ine kulibe? Koma mpunga ukaima m'mundamo, palibe adzawachotse."

Mtima wanga unadumpha, ngati mmene umachitira wogulitsa akayamba kukuyang'ana m'maso. Ndinati, "Ndiye ndikawokera puloti yonseyo, mukwera galimoto?"

"Inuyo? Ndi manja ogwira cholemberawo?"

"Yankhani, bambo. Mukwera?"

Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anandipatsa dzanja. "Ndikwera."

Loweruka la sabata yomweyo

Ine ndine mwana wa kumtunda, kwa chimanga ndi mbatata. Mpunga ndinkaudziwa m'mbale mokha. Koma Loweruka m'mawa ndinapinda buluku, n'kulowa m'matope a a Ngozo ndi mtolo wa mbande. Anzanga a pansi pa mango ndinali nditawauza dzulo lake kumene ndidzakhale, osawapempha kanthu. Phazi loyamba linamira mpaka m'bondo. Lachiwiri linakana kutuluka, ndipo ndinakhala pansi m'madzi ngati mwana. Alimi a m'mapuloti oyandikana anasiya ntchito. Wina anakuwa, "Si awa amatiletsa kuima m'madzi chifukwa cha likodzo? Lero akusambamo!" Misundu inandipeza mwamsanga, ngati inauzidwa kuti kwabwera mlendo wonona.

Dzuwa litakwera ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Bwana, mukuwokera mpunga kapena mukuuika m'manda?" Anali Esinati, atamanga chitenje m'chiuno, ali ndi chingwe m'manja. Anazula zonse zimene ndinabzala. Anakhoma zikhomo, anakoka chingwe, n'kundionetsa kugwira mbande ndi zala zitatu. "Musakankhe ngati mukubaya jakisoni. Ikani, musiye." Posakhalitsa anzathu ena anatulukira mmodzimmodzi, aliyense akunamizira kuti amangodutsa. Pofika masana tonse tinali pamzere umodzi, tikubwerera chambuyo, Esinati akutsogolera nyimbo, a Naphiri atakhala m'mbali mwa ngalande ndi chidebe cha thobwa. Tinabweranso masiku otsatira tikaweruka, mpaka puloti yonse inaima mizere yobiriwira.

Chimene chinachitika sabata imeneyo sindinachionenso. Bawo linagona. Anthu anga anayamba kufika m'mawa ine ndisanafike. Wina anasoka matayala a njinga zonse. Wina anapita yekha kumudzi wakutali umene unali usanaone sikelo kwa nthawi yaitali. Ankafunsana kuti, "Madala athu agona bwanji?" Esinati anandiuza tikutsuka mapazi kuti bambo ake anamwalirira pamphasa ndi matenda ochizika, chifukwa panalibe wowakakamiza kupita kuchipatala. Anati, "Awa okha tiwapulumutse, bwana." Ine ndinkayenda ngati tambala. Ndinaimbira abwana anga a ku boma, n'kunenerera galimoto ya odwala pa nthawi imene mafuta ankasowa kwambiri. Anakana, ndinachonderera, ndinalumbira kuti wodwalayo wavomera ndi pakamwa pake. Analola.

M'mawa umene galimoto inabwera

Tinafika tonse, anthu anga atavala yunifolomu zochapa, mapazi atang'ambika ndi matope. A Ngozo anali pakhonde atavala jekete ija, chipewa, ndi nsapato zopolisha. Kachikwama kanali pambali. Ndinati mumtima, malonda atha. Dalaivala anatsegula chitseko chakumbuyo. A Ngozo anandikodola kuti ndiyandikire, ndipo ndinagwada pafupi chifukwa mawu anali atachepa.

"Mwaona, ndavala," anatero. "Mwawokera, ndaona ndi maso anga. Mukati kwerani, ndikwera. Ine sindinanamizepo munthu pa malonda. Koma ndikupempheni monga amapemphera pamsika. Tsitsaniko, adokotala."

"Nditsitse chiyani, bambo?"

"Mundisiye pano." Anapuma kaye. "Kuchipatala cha kumgodi ndinaona amuna akufa pamzere wa mabedi. Ankatiitana ndi nambala. Mnzanga wa ku Dedza anafa akundifunsa ngati kwathu mvula yayamba. Panalibe ngakhale mmodzi wodziwa chiwongo chake. Ndikudziwa kuti chipatala cha ku boma n'chakwathu, anamwino ake ndi ana athu. Koma bedi ndi bedi. Mayi awa sangathe kugona pansi pa simenti kundidikirira, msana mwauona. Ndikapita, ndipita ndekha, ndipo ndidzabwera m'bokosi. Pano ndimamva akusesa m'mawa. Ndimamva akukalipira mbuzi. Miyezi imene mukundigulirayo ndikaidyera kuti?"

Esinati anamva zonse. Anabwera n'kuima pambali panga. "Bwana, musamvere. Onse amatero, akafika kumeneko amathokoza. Tagwirani mkono uwo, ine ndigwira uwu." Anzathu ena ankandiyang'ana. Dalaivala analiza hutala pang'ono. A Naphiri anali pakhomo la nyumba, atagwira chitseko, maso ali pansi.

Ana anga, pa ntchito yanga yonse sindinavutikepo ngati pamenepo. Ndikanangonena mawu amodzi, akanakwera, chifukwa anali munthu wosunga pangano. Ndikanasunga anthu anga, amene anali atangoyaka kumene. Ndikanasunga dzina langa ku boma. Mwinanso Esinati ankanena zoona, kuti mpweya wa m'botolo ukanawafewetsera masiku. Koma ndinayang'ana nsapato zopolisha zija. Munthu amene sankatha kufika kuchimbudzi osapumira panjira anakhala pansi n'kupolisha nsapato, kuti ndisadzanene kuti anandibera. Ndinatola kachikwama kaja n'kukapereka kwa a Naphiri. Ndinati, "Kalowetseni m'nyumba, mayi."

Dalaivala anamenyetsa chitseko. "Ndiye ndabwera kudzaona mpunga?" Galimoto inabwerera yopanda munthu. Esinati anandiyang'ana. "Mwatilimitsa ngati ng'ombe, bwana. Ine ndimayesa tikulimira moyo wa munthu." Anakwera njinga yake n'kumapita. Masana abwana anga anandiimbira. Sanakuwe. Anangoti, "A Lameki, tsiku lomweli kunali mayi wina kumbali ina amene anadikira galimoto imeneyo. Mukadzaimbanso ndidzayamba ndaganiza kaye." Anali ndi chifukwa chonenera choncho. Aka kanali koyamba kuti pakamwa panga pasowe mawu.

Mpunga utayamba kutulutsa ngala

Bawo linabwerera pansi pa mango. Palibe anandinyoza, koma palibenso anafika m'mawa. Esinati anapempha kusamutsidwa, ndipo tsiku lonyamuka anatsanzikana ndi aliyense, ine anangondigwedezera mutu. Ndinamva kuti kumene anapita anakhala wantchito woopsa, wosalola wodwala kutsala pakhomo. Tinakumanapo kamodzi ku boma patapita zaka. Ndinamufunsa ngati anandikhululukira. Anati, "Si ine wokukhululukirani, bwana," n'kupitiriza ulendo.

A Ngozo sanafe imfa yofewa, ndisakunamizeni. Ndinkapita tsiku ndi tsiku ndilibe chowapatsa. Ndinkawakhazika tsonga, kuwapepesera ndi katoni, iwo akusaka mpweya ngati munthu womira. Panali masana ena pamene anandigwira dzanja mwamphamvu, maso atatuluka, ndipo ndinaganiza za botolo la mpweya lija mpaka ndinatuluka panja kukaima kuseri kwa khola. Koma panalinso m'mawa wina pamene ndinawapeza akuseka chifukwa mbuzi inalowa m'nyumba n'kudya sopo, a Naphiri akuithamangitsa ndi tsache. Anamwalira pakhonde pomwepo, mutu uli pamiyendo ya akazi awo. Pamaliro mkulu wina anawatchula ndi chiwongo chawo, mokweza, ndipo amuna onse anavomera.

Puloti inakhala ya a Naphiri. Atachotsa zovala zakuda ndinapita kukawaona, ndipo ndinawapeza akupeta mpunga. Ndinawafunsa chimene chinkandisowetsa tulo. "Mayi, tsiku limene ndinagwirana dzanja ndi a Ngozo lija, ankafunadi kukwera?"

Anapeta kaye, mankhusu akuuluka. "Mutangochoka anandiuza kuti, 'Naphiri, usadandaule. Mwana uyu sakonda kugonja, awokera puloti yonse. Koma ndamuyang'ana m'maso. Mtima wake ndi wofewa kuposa pakamwa pake. Sadzandikweza.'" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Nsapato zija anapolisha ndi iwo, koma m'chikwama muja ndinangoikamo nsanza. Anati palibe chifukwa chovutikira kulongedza."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba inakana kusiya. Ndinagwira ntchito zaka zina pambuyo pake, ndinkaimbabe pa sikelo, koma mawu akuti "nenani mtengo wanu" sindinawauzenso wodwala aliyense.

Inu munapita kusukulu kuposa ine, ndiye weruzani. Mayi wamasiye anatsala ndi munda. Bambo anafera kwawo monga anafunira, koma anafa akusaka mpweya umene ndikanatha kuwapezera. Ine ndinataya Esinati ndi moto wa anthu anga, ndinatsala ndi zipsera za misundu. Pa malonda amenewa, ana anga, anapambana ndani?